Magalasi Amene Anachepetsa Tambala

Ulongwe, Lachinayi masana

Hawa mwana wanga,

Wapita ku Ntaja kukatsanzika azakhali ako, ndiye ndati ndikhale pansi ndikuyankhe funso lija unandifunsa m'mawa tikupeta mpunga. Unati, "Amayi, ndikakafika ku Ulayako, ndalama yoyamba ndikufuna ndikagule magalasi oonera mbalame patali. Mukuti bwanji?" Ine ndinangopitiriza kupeta ngati sindinamve, iwe n'kutupa, n'kukalowa m'nyumba. Ndinamva, mwana iwe, makutu anga ali bwinobwino. Koma Abiti Jafali anali kuseri kwa mpanda akuyanika zovala zouma kale, ndipo ukudziwa kumene iwo amatula nkhani.

Kalatayi ndiimanga m'mpango wa kamba wako. Uiwerenge sitima ikanyamuka pa Balaka. Ukamaliza uing'ambe tizidutswa, uzitaya pawindo pang'onopang'ono usanafike ku Limbe. Isakafike ku bwalo la ndege, chifukwa kumeneko amapisa m'chikwama mpaka m'kati mwa mabuku, ndipo zimene ndilembe munozi n'zokwanira kutitseketsa tonse awiri.

Yankho langa ndi lakuti gula. Ndikanakhala ndi mphamvu zokuletsa ndikanakuletsa kalekale, koma ndinalephera uli kamwana, nanga lero masisitere a ku Balaka akupezera malo a unamwino kutsidya kwa nyanja ndiye ndingathe? Gula, koma gula otchipa. Mawu amenewa ndiwabwereza mpaka akutopetse.

Uyenera kudziwa chimene chandikhazika pansi. Sabata yatha Che Bwanali, atcheyamani a chipani kuno, anaima pa benchi langa kumsika akugula mpunga. Akalamba, mano atha, koma mutu ukugwirabe. Anati, "Abiti Saidi, tamva kuti mtsikana wa magalasi uja akukwera ndege. Akadzabwerako adzatione, tidzamve zimene wakaona kumeneko." Anaseka, nanenso ndinaseka, mpaka ndinawawonjezera kadzanja ka mpunga. Zaka zonsezi sanakuiwale, Hawa. Iwe unakula, unaphunzira, unasintha nkhope, koma m'mutu mwawo udakali mtsikana wa magalasi. Anthu amenewa anandilanda mwamuna, ndipo tsopano akukuwerengera iwe masiku obwerera usananyamuke n'komwe.

Poyamba, usagule chinthu usanayang'anemo uli panja. Ife tinalakwitsa pamenepa. Unali ndi mano akutsogolo ogweluka pamene tinazindikira kuti matenda ako a mbalame sachira. Tinkakutuma kudambo kukaingitsa mbalame m'munda wa mpunga, iwe n'kukakhala phee pachulu kuzisiya zidye kuti uzione bwino. Ana anzako amapita ndi legeni ndi ulimbo, madzulo n'kubwera ndi ndiwo. Iwe umabwera ndi nkhani, kuti atchete aamuna ndiwo amaluka zisa, aakazi amangobwera kudzayendera. Ndinakukwapulapo chifukwa cha mpunga umenewo, sindikukana. Anthu ankati mwana wa telala mutu sukuyenda bwino, mbalame ndi ndiwo, iye akuiyang'ana ngati mlendo wochokera kutali. Bambo ako okha, Che Amidu, ndi amene sankaseka. Anakuona tsiku lina ukusuzumira m'chikatoni chija amakulungirapo nsalu, ndipo Idi itayandikira anakwera njinga kupita ku Balaka, nthawi imeneyo amwenye asanawachotse m'masitolo akumidzi. Anabwera ndi timagalasi tofiira tapulasitiki, tili m'pepala lake, chifukwa mwini sitolo anati ukatsegula wagula. Unativala m'khosi tsiku lonse la Idi. Mawa lake unayamba kunena kuti kakowa aliyense ali ndi mnzake womutsatira, mutu ukuwawa, kenaka n'kusanza. Ine n'kukutengera kwa ashehe kuti akuwerengere dua, poganiza kuti wakumana ndi majini kudamboko. Ashehe anasuzumiramo okha, n'kuona amayi ako awiri ataima pakhomo pa mzikiti. Anati, "Mwanayu alibe chiwanda, chiwanda chili m'kachinthu aka."

Choncho ukakalowa m'sitolo, upemphe kutuluka nawo pakhomo. Uyang'ane waya wa telefoni kapena denga la nyumba yakutali. Waya akaoneka awiri, kapena maso akayamba kukoka ngati ukufuna kulira, bweza, ngakhale akutsitsire mtengo bwanji. Ugogode diso lake ndi chikhadabo, umve ngati ndi galasi lenileni. Kutchipa sindikunena zidole. Wogulitsa akakana kuti utuluke nawo, ingothokoza uzipita, masitolo kumeneko akuti ndi ambiri.

Zitachitika zimenezo bambo ako sanagonje. Panali wansembe wina wachizungu ku Balaka amene ankamusokera mikanjo, nayenso wodwala matenda ako omwewa. Anakamufunsa, n'kubwera ndi nzeru zimene anandibwerezera kambirimbiri mpaka ndinaziloweza ngati sura ya m'Kurani. Pamwamba pa magalasi pamalembedwa manambala awiri. Yoyambayo ikhale seveni kapena eyiti, basi. Usatengeke ndi nambala yaikulu poganiza kuti uziona kwambiri. Amenewo amabweretsa mbalame pafupi zedi, koma dzanja likangonjenjemera pang'ono mtengo wonse umavina, ndipo pamene uzipeza nthambi, mwini wake wauluka. Kagudumu kapakati kazizungulira mofewa ndi chala chimodzi. Uwapinde mpaka agwirizane ndi maso ako, uone bwalo limodzi. Ngati ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, uwatembenuzire kudzuwa, usuzumire kumbali yaikuluyo, uone ngati mulibe chuku m'kati. Chuku chikalowa sichituluka. Ndipo uwanyamule kaye kanthawi ali kumaso, uone ngati mikono ikupirira, chifukwa iwe ndimakudziwa, ukayamba kuyang'ana umaiwala ndi kudya komwe.

Kachiwiri, uyang'ane mtundu wake. Apa ndiye ndinapusa ndine, osati bambo ako. Ku Ntaja kunali nkhalamba ina, Che Wadi, imene inamenya nawo nkhondo ya azungu kalekale. Inali ndi magalasi obwera nawo kunkhondoko, obiriwira ngati yunifolomu ya asilikali, olemera ngati mwala wophwanyira mtedza. Maso ake anali atachita ng'ala, ndiye inati tingoipatsa mbuzi. Bambo ako anawatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Abiti Saidi, awa achita kuoneka achisilikali. Tiyeni tidikire ena." Ine n'kuyankha kuti utoto ndiye uona mbalame? Ndinakoka ndekha mbuzi yanga yaikazi kuchoka kuno mpaka ku Ntaja, ndikudziona wochenjera kuti ndapeza chinthu cha azungu popanda kutulutsa ndalama. M'kati mwake munali timizere ting'onoting'ono ngati ta pa tepi ya telala. Tinati n'zokongoletsa. Lamba wake anakutupitsa khosi, bambo ako n'kukusokera wina wa nsalu ya khaki, woikamo thonje.

Sindinama, anali abwino. Tsiku lina tikuchokera ku sikelo ku Liwonde ndi mng'ono wako malemu uja, unandikokera m'mbali mwa mtsinje, n'kundikakamiza kuti ndiyang'anemo. Ndinaona chiswankhono chitaima m'madzi, pafupi ngati ndingachigwire. Unati, "Amayi, taonani mlomo wake, sutsekeka pakati." Zoonadi, panali kampata. Ine ndakulira m'mbali mwa Shire, mbalame imeneyo ndaiona moyo wanga wonse, koma kampata kameneko sindinkakadziwa. Ndinaima pamenepo mwana ali kumsana mpaka basi inatisiya. Ndikukuuza zimenezi kuti usaganize kuti mayi ako sadziwa chimene umafuna m'magalasimo. Ndikuchidziwa, ndipo n'chifukwa chake zimandiwawa kwambiri.

Azakhali ako anandichenjeza. Anabwera kuno n'kukuona ukuyenda nawo pamsewu, anandikokera kukhitchini, n'kunena kuti, "Achimwene anga muwaphetsa inu. Chinthu ichi chiponyeni m'chimbudzi lero lomwe." Ndinakana. Sindinakane chifukwa cha iwe, iyayi. Ndinakana chifukwa cha mbuzi. Inali mbuzi yobereka mapasa, ndipo mtima wanga sukanalola kuti ndiiponye m'dzenje. Chinthu chimene wachilipirira zowawa chimakakamira m'manja, ngakhale ukuona kuti chikukuotcha. Uku ndiko kutchipa kumene ndikunena, Hawa. Gula oti tsiku lina munthu akagogoda pakhomo, ukhoza kuwaponya m'chimbudzi osayang'ana kumbuyo. Akhale akuda, aang'ono, olowa m'kachikwama ka m'manja kapena m'mfundo ya chitenje.

Za tsiku la msonkhano sitinakambiranepo, iwe ndi ine. Umadziwa zimene unaona ndi maso a mwana, koma sunamve zonse. Anyamata a malaya ofiira anatseka msika m'mawa, n'kutikusa tonse kupita pabwalo la sukulu, chifukwa kunkabwera akuluakulu a chipani ochokera kuboma. Ine ndinali m'gulu la amayi ovina, nditavala nsalu ya chipani imene bambo ako anasoka. Munthu ameneyo anasokera Ulongwe yense nsalu zimenezo, ndipo sizasi yake sinadutsepo pankhope ya mwini dziko ngakhale kamodzi. Ankalolera kutaya nsalu yambiri kuti nkhope ikhale yathunthu pamsana pa munthu. Iwe unali pambali pawo, dzuwa likuswa mtengo, zolankhula zosatha. Unayamba kuyang'ana akabawi amene ankazungulira kumwamba. Atapita akabawiwo, unachita zimene mwana aliyense amachita, unatembenuza magalasi n'kusuzumira kumbali yaikulu. Kutsogolo kunali mbendera ya chipani, ija ili ndi tambala wakuda. Wolankhula anali atangopuma kuti amwe madzi, bwalo lonse lili zii, ndiye mawu ako anamveka mpaka kumene tinakhala ife. Unati, "Ababa, taonani, tambala wachepa. Wapita kutali, akuthawa."

Palibe anaseka. Mnyamata wina anakutsomphola magalasiwo m'khosi n'kukawapereka kwa Che Bwanali. Iwo anasuzumiramo chotembenuza momwemo, n'kuona tambala wawo ali ngati nyerere. Bambo ako anagwada, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Che Bwanali, ndi mwana uyu. Tangowatembenuzani, muona kuti tambala ndi wamkulu kwambiri." Che Bwanali anawatembenuza, anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti tambala kukula kapena kuchepa zili m'manja mwanu, Che Amidu?" Kenaka anaona timizere tija. Anakweza magalasi m'mwamba kuti akuluakulu aja aone, n'kunena kuti awa ndi oyezera mfuti, ndipo mwana sangapeke yekha mawu oterewa, wawamva kunyumba. Ife amayi anatiuza kuti tiyambe nyimbo. Ndinavina, Hawa. Bambo ako akuwakweza m'galimoto ya apolisi ine ndinali kuvina, ndikuomba m'manja, chifukwa ndikanaima akanatenga tonse, iwe n'kutsala ndi ndani.

Ndinayenda m'maofesi a ku Balaka, ku Liwonde, mpaka ku Zomba, nditanyamula kambale ka chakudya kamene ndinkabwera nako kosatsegula. Paliponse yankho linali limodzi, lakuti dzina limenelo sakulidziwa. Iwe unali utafika sitandade seveni pamene munthu wina anabweretsa jekete lawo m'pepala, n'kunena kuti mwini wake anadwala. Thupi sitinalione. Msilamu, munthu wosaphonya mapemphero ake a swala, anapita osasambitsidwa, opanda sanda, ndipo sindidziwa ngati nkhope yake anailozetsa ku Kibula, kumene timayang'ana popemphera, kapena anangomukwirira ngati galu. Sadaka tinachita popanda manda, ndipo anthu amene anawasokera zovala zaukwati ankadutsa pamsewu atayang'ana kumbali. Sindinawakhululukire, ndipo usandiuze za kukhululuka m'makalata ako. Magalasi aja Che Bwanali ali nawo mpaka lero. Amaonera mpira pabwalo lomwelo, atawakoleka m'khosi ndi lamba wa khaki yemwe uja.

Tsono tamvera. Ndimakuona ukamatsuka mbale, namzeze akadutsa umadzutsa mutu, kenaka n'kuuweramitsa msanga ngati waba. Leka zimenezo. Bambo ako sunawaphe ndiwe. Unali mwana, unanena zimene magalasi anakuonetsa, ndipo zinali zoona, tambala anachepadi. Anawapha ndi anthu akuluakulu a ndevu zawo amene anaopa mawu a kamwana kopanda mano. Ukakafika kumeneko ukayang'ane mbalame mutu uli m'mwamba, mpaka khosi liwawe. Akuti kuli azungu okalamba amene amakhalira zomwezo tsiku lonse ndipo palibe amawafunsa.

Koma usakapusenso n'kuganiza kuti nyanja yakutchinga. Amalawi amene ukawapeze kumeneko, amene akakulandire ndi Chichewa chokoma ndi kukuphikira za kwathu, ena mwa iwo amalemba malipoti. Sungawadziwe ndi nkhope. Ukamapita kokaona mbalame uzipita wekha kapena ndi azungu akowo. Usajambulitse chithunzi magalasi ali m'khosi. Wogulitsa akafuna kulemba dzina lako pa lisiti, umuuze kuti sukufuna lisiti. Wakwathu akakufunsa za kumudzi, uziti mvula inagwa bwino. Akakufunsa za bambo ako, uziti anadwala. Ndipo pamaso pa munthu wa kuno usadzatembenuzenso magalasi, ngakhale mwamasewera. Ukatembenuza uli wekha, zimene waonazo zikhale zako.

Zina zija ukuzidziwa kale. Swala usasiye, ngakhale ukakhale pakati pa masisitere, iwo sanakuletsepo. Uzifunsa nyama imene akupatsa. Juzi ija ndakuikira pansi pa sutikesi uzivala, usachite manyazi kuti ndi yoluka pamanja. Mwamuna amene adzakuseke chifukwa choyang'ana mbalame usamupatse ngakhale dzina lako lachiwiri. Ndipo uzidya, mwana iwe, wachita kuonda ngati kakowa yemweyo.

Tsopano za makalata. Ukudziwa kuti kalata yochokera kunja imafika kuno itamatidwa kawiri. Usadzalembe kuti ndibwera mwezi wakuti, kapena kuti sindibwera. Usadzandifunse ngati kuno kuli bwino, chifukwa ndidzayankha kuti kuli bwino ngakhale nyumba ikupsa. Tipangane chonchi. Maphunziro akamadzatha, udzandilembere za magalasi, koma udzawatchule kuti nsapato. Ukadzati, "Amayi, ndagula nsapato zotchipa," ndidzadziwa kuti wagula oti ukhoza kuwataya pa bwalo la ndege, ndiye kuti ukubwera. Ndidzazira chipinda chako, ndidzasunga mpunga wabwino, ndidzapita ndekha kwa Che Bwanali ndi nkhuku kukawanyengerera. Ukadzati, "Amayi, ndagula nsapato zodula," ndidzadziwa kuti wagula oti sungawasiye, ndipo wasankha kukhala nawo komweko.

Ndawerenga zimene ndalembazi kuyambira pamwamba, ndipo ndaona kuti ndakuuza kuti otchipa, otchipa, ngati wogulitsa tomato. Ndadzigwira ndekha. Ndikuti otchipa chifukwa ndikufuna ubwere. Mwamuna ndilibe, mng'ono wako anatisiya, watsala ndiwe wekha woti udzanditseke maso ndi kundisambitsa. Ndikufuna udzakhale pakhonde pano uzindiuza mayina a mbalame zimene zikundidyera mpunga. Ndikufuna zimenezo kuposa chilichonse, ndipo pamene uziwerenga izi ukhala utaona kale pa siteshoni kuti dzanja lako sindinafune kulisiya.

Koma ndinaona maso a Che Bwanali pamene ankati adzatione. Nkhuku yanga adzadya, n'kudzakutumizirabe galimoto. Ndinavinapo kamodzi munthu wanga akukwezedwa, ndipo miyendo imeneyi singavinenso kachiwiri. Azakhali ako adzandisambitsa, madzi amadziwa kutunga.

Choncho za waya wa telefoni, za nambala, za chuku ndi za mtundu, undimvere zonse. Za mtengo zokha usandimvere. Sunga ndalama pang'onopang'ono, usafulumire, ukalowe m'sitolo yaikulu, usankhe amene wawakonda.

Gula odula, Hawa.

Allah akutsogolere kumene ukupita.

Ndine mayi ako,
Abiti Saidi